"Ukalumala usalipirenso": lonjezo la inshuwalansi limene limathera kukhoti

M'mapangano ambiri a inshuwalansi ya moyo muli kachiganizo kena komwe anthu sakakumbukira mpaka tsiku limene thupi lawakanika. Kamanena kuti munthu akalumala, kapena akadwala mpaka kulephera kugwira ntchito, kampani isiya kumulipiritsa ndalama ya mwezi ndi mwezi koma inshuwalansi yake ipitirirabe ngati kuti akulipira. M'Chingerezi amakatcha waiver of premium. Makampani ena amakaphatikiziratu m'pangano, ena amakagulitsa padera, munthu n'kumawonjezera kangachepe pa zimene amalipira.

Ubwino wake ngwosachita kufunsa. Munthu akadwala kwambiri malipiro amaima, ndalama zotsala zimathera kuchipatala, ndipo chinthu choyamba kuchisiya chimakhala inshuwalansi. Chonsecho imeneyi ndiyo nthawi imene banja lake likuifunitsitsa. Akaitaya, kampani ina singamulandire ndi matenda amenewo, ndipo ikamulandira mtengo wake umakhala woboola m'thumba.

Nanga mkangano umachokera pati? Ndalama ya pamwezi payokha ndi yochepa, munthu sangalembere loya. Koma kumbuyo kwake kuli ndalama yaikulu ija imene kampani inalonjeza kupereka mwini wake akamwalira. N'chifukwa chake milandu yambiri ya mtunduwu amaiyambitsa si wodwala ayi, koma mkazi wamasiye, mwamuna wofedwa kapena ana, maliro atapita kale, atalandira kalata yakuti inshuwalansi inatha mphamvu miyezi ingapo yapitayo chifukwa malemu anasiya kulipira. Banja limati anasiya chifukwa anali chigonere, ndipo pangano limati wotere asalipire. Kampani imati sitinauzidwe. Mwini nkhani amene akanafotokoza bwino ali m'manda.

Chimene chimandikhudza m'milandu imeneyi n'chakuti nthawi zambiri palibe amene amatsutsa kuti munthuyo anadwaladi. Amalimbana pa masiku ndi pa tanthauzo la mawu. Ndipo zonse zimene pangano limafuna, kulemba kalata, kudzaza mafomu, kulondola madokotala kuti asaine, kuwerenga masiku, zimamugwera munthu pa nthawi imene sangathe n'kudzuka komwe payekha.

Masiku amayenda, wodwala ali gone

Tiyerekeze ndi dalaivala wa galimoto zikuluzikulu amene wagwidwa ndi sitiroko. Mkono wamanja sukugwira, mawu akutuluka movutikira. Mkazi wake usana ndi usiku ali pambali pa bedi. Ku akaunti ndalama zatha, ndiye ya inshuwalansi imene banki inkadula yokha mwezi uno yalephera kuduka. Kampani yatumiza kalata yochenjeza, koma envelopu ili patebulo, yosatsegula, pansi pa mapepala a kuchipatala ndi mabotolo a mankhwala. Mkaziyo sakudziwa n'komwe kuti m'pangano muli kachiganizo kaja, poti posaina panalibe iye. Masiku owonjezera amene makampani amapatsa munthu wochedwa kulipira, omwe amakhala 30 kapena 31, akudutsa mwakachetechete.

Palinso msampha wina umene ambiri sauona. Kukhululukidwa kulipira sikuyamba tsiku limene munthu wadwala. Mapangano ambiri amafuna kuti akhale wolumala mosalekeza kwa miyezi 6, ku Britain amakonda kunena masabata 26, ndipo m'nyengo yonseyi amayenera kumalipirabe. Pempho lake likavomerezedwa, makampani ambiri amabweza ndalama za miyezi imeneyi. Koma amene anasiya kulipira mwezi woyamba, podalira kuti pangano lamuteteza, angapezeke kuti inshuwalansi yake inafa asanafike n'komwe pa mwezi wa 6.

Funso lakale kwambiri pankhaniyi ndi ili: ufulu wosalipira umabadwa liti, tsiku limene munthu walumala kapena tsiku limene kampani yalandira umboni? Khoti lalikulu kwambiri la ku America linakumana nalo mu 1932 pa mlandu wa Bergholm ndi kampani ya Peoria Life. Panali umboni wakuti mwini inshuwalansi analumala asanayambe n'komwe kuphonya malipiro, ndipo anakhala choncho mpaka imfa, koma palibe amene anapereka umboniwo ku kampani iye ali moyo. Pangano linalembedwa momveka kuti kampani idzalipira m'malo mwake ndalama zimene zidzafunike ikatha kulandira umboni. Oweruza anati mawuwa alibe mbali ziwiri, ndipo khoti silingalembere anthu pangano latsopano chifukwa chomva chisoni. Banja linabwerako chimanjamanja.

Patangopita zaka ziwiri, mu 1934, khoti lomwelo linaweruza mlandu wa kampani ya Mutual Life ya ku New York ndi Johnson. Apa matenda anamugwira munthu thupi ndi maganizo omwe, moti sakanatha kudziwitsa kampani chilichonse. Woweruza Benjamin Cardozo, amene analemba chigamulo, anaona kuti makhoti a m'zigawo zosiyanasiyana za dzikolo anali ogawanika pa funsoli. Khoti linatsata mmene makhoti a ku Virginia, kumene pangano linali, ankaonera nkhaniyi: munthu amene ulumali womwewo wamulepheretsa kupereka uthenga asataye ufulu wake chifukwa chosapereka uthengawo. Silinakhazikitse lamulo la dziko lonse, koma linaonetsa kuti njira yachiwiri ilipo ndipo ndi yomveka.

Ine mtima wanga uli ku chigamulo chachiwirichi. Pangano limene limalonjeza kuthandiza munthu amene wasokonekera maganizo, koma n'kumafuna kuti munthu yemweyo akumbukire kulemba kalata, limapereka ndi dzanja lamanja n'kulanda ndi lamanzere. Komabe makampani ali ndi chifukwa chawo chosayenera kuchinyoza. Akauzidwa msanga amatha kumupima munthu akadali moyo, kufunsa madokotala nkhani ikadali yatsopano. Akauzidwa patapita zaka, mwini wake atayikidwa kale, atsimikiza bwanji? Makampaniwa anapsanso kale: m'zaka zoyambirira za m'ma 1930, chuma cha dziko lonse chitagwa, mapempho a ulumali anachuluka, makampani a ku America anataya ndalama zambiri, ndipo ambiri anakhwimitsa mapangano awo kapena kusiyiratu kugulitsa mbali zina za chitetezo chotere.

Mapangano a masiku ano amayesa kudutsa pakati. Ambiri amati uthenga uperekedwe msanga mmene kungathekere, pasapitirire chaka, pokhapokha ngati munthuyo sanali m'maganizo ake. Ambiri amatinso kampani siibweza ndalama zopitirira chaka chimodzi kubwerera m'mbuyo kuchokera tsiku limene inauzidwa. M'malo ena muli lamulo lakuti kuchedwa pakokha si chifukwa chokanira munthu, kampani ionetse kuti kuchedwako kwaiwonongera chiyani. Chigawo cha California ku America chili ndi lamulo lotere, ndipo mu 1999, pa mlandu wa UNUM ndi Ward, khoti lalikulu lija linavomereza kuti limagwira ntchito ngakhale pa inshuwalansi yopezera kuntchito.

Kulumala kotheratu ndiye kuti chiyani?

Apa ndi pamene pagona nkhani yaikulu. Dokotala, boma ndi kampani ya inshuwalansi akhoza kuyang'ana munthu mmodzi, onse n'kumutcha mosiyana, ndipo kukhoti chimene chimalamula ndi tanthauzo lolembedwa m'pangano.

Mapangano ena amati wolumala ndi amene sangathe kugwira ntchito yake imene ankagwira. Ena amati ndi amene sangathe kugwira ntchito iliyonse yoyenerana ndi maphunziro ake, luso lake ndi zimene wakhala akuchita m'moyo. Ena amangoti ntchito iliyonse basi. Ambiri amayamba ndi tanthauzo loyamba kwa miyezi 24 kenaka n'kusamukira ku lachiwiri, ndipo mwezi wa 24 ndi pamene makalata ambiri okana amalembedwa, wodwala asanasinthe chilichonse m'thupi. Ku Britain kulinso mapangano amene sayang'ana ntchito konse koma amawerenga zochita monga kuyenda, kukwera masitepe, kuwerama, kunyamula chinthu ndi kulemba, n'kufuna kuti munthu alephere zingapo mwa izo. Tanthauzo limeneli ndi lolimba kwambiri. Munthu angakhale ndi matenda oopsa a mtima kapena a maganizo koma n'kumatha kuwerama ndi kulemba dzina lake.

Tibwerere kwa dalaivala uja. Patapita chaka wayamba kuyenda ndi ndodo, akulankhula pang'onopang'ono. Chiwongolero sadzachigwiranso, zimenezo aliyense akuvomereza. Koma katswiri wa za ntchito wolembedwa ndi kampani akulemba lipoti lakuti akhoza kukhala pampando n'kumayankha mafoni mu ofesi ya kampani yonyamula katundu. Kodi ntchitoyo ilipo? Alipo bwana angamulembe munthu wa zaka 55 amene mawu ake amamveka movutikira ndipo sanagwirepo kompyuta? Mapangano ambiri safunsa ngati ntchitoyo ingapezeke, amangofunsa ngati thupi lingaithe. Mpata umene uli pakati pa ntchito ya papepala ndi ntchito yeniyeni ndi umene maloya amathera masiku akukangana.

Mwamwayi makhoti ambiri anakana kalekale kuwerenga mawu akuti "kotheratu" ngati kuti munthu ayenera kukhala wosatha kugwedeza n'chala chomwe. Amati funso n'lakuti kodi angathe kuchita mbali zikuluzikulu za ntchito, mokhazikika, tsiku ndi tsiku, n'kupezapo malipiro ooneka. Kuthirira maluwa kwa mphindi khumi si umboni wakuti munthu angagwire maola 8. Ndatchula maluwa dala, chifukwa makampani ena amalemba anthu oti azijambula wodwala mobisa, ndipo kavidiyo ka mphindi zochepa ka tsiku limene anadzukako bwino kamakaonetsedwa ngati chithunzi cha moyo wake wonse. Palinso lamulo lakale lothandiza wogula: mawu a m'pangano akakhala ndi matanthauzo awiri omveka, khoti limasankha lokomera amene sanalembe panganolo. Koma limagwira ntchito pokhapo pamene mawu ali osokonezadi, monga banja la Bergholm linadzionera.

Pali ulumali wina umene mapangano ambiri saufunsa mafunso, monga kuchita khungu maso onse awiri, kuduka manja onse kapena mapazi onse. Milandu yake ndi yochepa. Yochuluka ndi ya matenda osaoneka ndi maso: msana wopweteka, kutopa kosatha, fibromyalgia (kuphwanya kwa thupi lonse kosatha), matenda a maganizo. Apa kampani imati tipatseni umboni wa makina, pomwe matenda ena alibe makina owapima.

Dokotala wa ndani?

Munthu wamba amaganiza kuti dokotala wake akalemba kuti sangagwire ntchito, nkhani yatha. Sizitero. Fomu imene dokotala amapatsidwa imakhala ndi timabokosi: wodwalayu angakhale pansi maola angati, angaimirire maola angati, anganyamule makilogalamu angati, angagwiritse ntchito zala kangati. Dokotala wotanganidwa akachonga mothamanga kuti "angakhale pansi maola 6", kampani imaona munthu woti angagwire ntchito ya pampando, ngakhale pamzere wapansi dokotala yemweyo atalemba kuti sangathe kugwira ntchito. Kachongedwe kamodzi kamagwetsa pempho lonse.

Kenaka faelo imapita kwa dokotala wa kampani, amene kawirikawiri samuona wodwala maso ndi maso, amangowerenga mapepala. Akuluakulu anati kandimverere adakanena za m'maluwa, komabe malamulo a ku America salamula kuti mawu a dokotala amene wakhala akumusamala munthu alemere koposa. Mu 2003, pa mlandu wa Black & Decker ndi Nord, oweruza onse a khoti lalikulu la dzikolo anagwirizana kuti oyendetsa inshuwalansi ya kuntchito sakakamizidwa kupatsa dokotala wa wodwala ulemu wapadera, ngakhale kuti saloledwa kutaya umboni wodalirika popanda chifukwa.

Kukayikira kwa anthu pa mmene makampani amaunikira mapempho sikunangochokera m'mutu. Mu 2004 kampani ya UnumProvident, imene inali yaikulu kwambiri pa inshuwalansi ya ulumali ku America, inagwirizana ndi oyang'anira inshuwalansi a m'zigawo zambiri kulipira chindapusa cha madola 15 miliyoni ndi kupereka mwayi woti mapempho pafupifupi 200,000 amene inakana kapena kutseka aunikidwenso.

Inshuwalansi ya kuntchito ili ndi minga yakeyake

Anthu ambiri inshuwalansi ya moyo anaipezera kuntchito, ya gulu lonse la ogwira ntchito. Munthu akasiya ntchito chifukwa cha matenda, chimene chimasunga inshuwalansi imeneyi kawirikawiri ndi kachiganizo kaja. Zodabwitsa n'zakuti kampani imodzi yomweyo ikhoza kumamulipira munthu ndalama ya mwezi ndi mwezi ya ulumali, uku ikumukana kumukhululukira malipiro a inshuwalansi ya moyo. Si kulakwitsa kwa kalaliki: mapangano ndi awiri, ndipo la moyo nthawi zambiri limayamba ndi tanthauzo lolimba lija la ntchito iliyonse kuchokera tsiku loyamba. Kangapo pempho lakenso limakhala lapadera, fomu yake ina, tsiku lake lomaliza lina, ndipo wodwala amene anadzaza fomu imodzi amakhala phee poganiza kuti wamaliza zonse. Zaka nazo zimalowapo. Mapangano ambiri amafuna kuti ulumali uyambe munthu asanakwanitse zaka 60, ndipo kukhululukidwako kumatha akafika 65. Ndiye pamakhala milandu yolimbirana tsiku lenileni limene ulumali unayamba, pamene matenda anabwera mokwawa, munthu akudzikakamiza kupita kuntchito miyezi yomaliza. Khama lakelo limasanduka umboni womutsutsa.

Ku America inshuwalansi yotere imayendera lamulo la ERISA la mu 1974, loyang'anira penshoni ndi inshuwalansi zopezera kuntchito, ndipo lamuloli limasintha kwambiri kayendedwe ka mlandu. Wokanidwa amayenera kuyamba wachita apilo mkati mwa kampani yomweyo, ndipo pa nkhani za ulumali amapatsidwa masiku 180. Akadzapita kukhoti, woweruza nthawi zambiri amangoyang'ana zimene zinali kale m'faelo pa nthawi ya apiloyo. Umboni umene sunalowe nthawi imeneyo wachedwa. Ambiri amalemba apilo ya tsamba limodzi yodandaula, osadziwa kuti pamenepo ndiye panali pomenyera nkhondo yonse. Akapambana amangolandira zimene pangano linalonjeza, popanda chipukuta misozi cha mavuto amene adutsamo.

Mu 1989, pa mlandu wa Firestone ndi Bruch, khoti lalikulu linagamula kuti woweruza aziunika nkhani mwatsopano, pokhapokha ngati pangano lapatsa oyendetsa mphamvu yotanthauzira okha mawu ake. Mapangano ambiri anayamba kukhala ndi chiganizo chopereka mphamvu imeneyo, ndipo pamene chilipo, wodwala sangangoonetsa kuti kampani inalakwa, ayenera kuonetsa kuti inalakwa mopanda nzeru. Zigawo zina, kuphatikizapo California, zinaletsa ziganizo zotere m'mapangano a inshuwalansi. Mu 2008 panabwera mlandu wa MetLife ndi Glenn. Mayi amene ankagwira ntchito ku kampani ya masitolo ya Sears, wodwala mtima, analipidwa ndalama ya ulumali miyezi 24 yoyamba. Kampani ya inshuwalansi ya MetLife inamulimbikitsa kukapempha thandizo la ulumali la boma, boma linavomereza kuti sangagwire ntchito iliyonse, kampani inapindula ndi chigamulocho pochepetsa zimene inkamulipira, kenaka yokha n'kunena kuti akhoza kugwira ntchito ya pampando. Khoti linati pamene kampani imodzi ndi yoweruza pempho komanso yotulutsa ndalama m'thumba mwake, woweruza aziganizira zimenezo pounika mlandu. Mlanduwu unali wa ndalama ya ulumali ya mwezi ndi mwezi, koma mfundo zake zimagwiranso ntchito pa kukhululukidwa kulipira.

Zimene unanena polowa

Pempho likangofika, kampani imaitanitsa mbiri yonse ya kuchipatala n'kuifananiza ndi fomu imene munthu anadzaza pogula. Ikapeza kuti anaonanapo ndi dokotala za msana zaka zapitazo koma sanatchule, nkhani imasintha: sikulinso kukana pempho kokha, koma kufuna kufafaniza pangano lonse. Muzu wa zimenezi ndi wakale, mlandu wa Carter ndi Boehm wa mu 1766 ku England, pamene woweruza Lord Mansfield anafotokoza kuti wofuna inshuwalansi asabise zimene akudziwa. Kwa zaka zambiri lamuloli linkapweteka ngakhale oiwala mosadziwa. Britain inalifewetsa ndi lamulo la mu 2012, limene linayamba kugwira ntchito mu 2013: wogula wamba ayenera kusamala kuti ayankhe zoona pa zimene wafunsidwa, ndipo pali kusiyana pakati pa wonama dala ndi wolakwitsa mosasamala. Wachiwiriyu amachitiridwa zimene kampani ikanachita ikanadziwa zoona kuyambira pachiyambi. Ku America mapangano a inshuwalansi ya moyo amatseka khomo limeneli pakapita zaka ziwiri, ngakhale kuti ena amapatula mbali ya ulumali pa chitetezo chimenechi. Kupatula apo pali zimene mapangano ambiri amazikaniratu, monga kudzivulaza dala ndi kuvulala pankhondo.

Timati mlandu suwola, koma wa inshuwalansi umawola. Mu 2013, pa mlandu wa Heimeshoff ndi Hartford, khoti lalikulu la ku America linavomereza chiganizo cha m'pangano chopatsa munthu zaka 3 zokasumira, kuwerenga kuchokera pamene umboni unkafunika, ngakhale kuti mbali ina ya nthawiyo inadyedwa ndi apilo ya mkati mwa kampani. Ku Britain njira ndi yopepukirapo. Kampani ili ndi masabata 8 oyankhira dandaulo, kenaka munthu ali ndi miyezi 6 yopitira ku Financial Ombudsman Service, bungwe lomva madandaulo a anthu pa makampani a zachuma, kwaulere, kumene amayang'ana zimene zili zachilungamo ndi zoyenera, osati mawu a m'pangano okha. Wodandaula akavomereza chigamulo, kampani imamangidwa nacho.

Ngakhale amene pempho lake lavomerezedwa asagone tulo tofa nato. Kampani ili ndi ufulu wofunanso umboni nthawi ndi nthawi, kawirikawiri kamodzi pachaka pakatha zaka ziwiri zoyamba, ndipo fomu imodzi yosabwezedwa imakwana kuimitsa zonse. Pa inshuwalansi ya kuntchito, kukhululukidwa kukaima, munthu kawirikawiri amakhala ndi masiku 31 okha osinthira inshuwalansi ya gulu kukhala yakeyake popanda kupimidwanso. Ambiri amathera masiku amenewo akulemba apilo, ndipo apilo ikakanidwa amapeza kuti khomo linalo linatsekeka kale. N'chifukwa chake maloya a mbali ya odwala amakonda kulangiza zinthu zooneka zotsutsana: tsutsa chigamulo, koma uku ukulipirabe ngati ungathe, ndipo ulembe m'kalata kuti ukulipira mosavomereza ndipo udzafuna kubwezeredwa. Kwa banja la dalaivala uja, ndalama yolipirira imeneyo ndi yomweyo imene akuyenera kugulira mankhwala a mwezi uno.